Moto Umene Kasonde Anakoleza

"Usandifunse ine, funsa mkazi wakoyo," anatero Ba Nkole, akuloza ndi mlomo. "Mudzi wonse unasamukira kumisasa ya kutchire kukatola mbozi za matondo, ngakhale nkhalamba zoyendera ndodo. Iye yekha anatsala. Ankalondera chiyani muno, nkhuku?"

Kasonde anali asanavule n'komwe nsapato za paulendo. Anali atangotsika basi ku Mpika n'kukwera njinga yobwereka mpaka kumudzi, kuchokera ku Ndola kumene ankagwira ntchito yocheka matabwa. Chikwama chake chinali chikadali pakhomo pamene anachiponya. Ba Nkole, mlongo wake wamkulu, ndiwo anamuitana pafoni kuti abwere msanga, mwana watupa ndipo banja lake lawola.

"Ndinatsala chifukwa cha mwana, ba mulamu, ndipo mukudziwa," anayankha Bana Malama, mkazi wa Kasonde, amene ankatchulidwa ndi dzina la mwana wawo. Anali pamphasa akusenda chinangwa, ndipo sanakweze mawu. "Kumsasa utsi ndi wa matondo, madzi osamba m'manja ndi a matondo, ana amaseweretsa matondo. Ndikanamubisa pati?"

"Wamva, Kasonde? Akubisa mwana kwa chakudya. Matondo amenewa anatilera tonse. Iwe unayamba kuwadya usanamere mano, amayi ankachita kukutafunira. Unatupa liti? Lero ndiwo za makolo zasanduka poizoni m'nyumba imodzi yokha, ya mkazi amene mwamuna wake ali kutali."

Kasonde anayang'ana mwana wake. Malama, kamtsikana ka zaka zisanu, kanali kumbuyo kwa mayi ake kakusuzumira. Nkhope inali itaphwa kale, koma m'khosi ndi m'mikono munali mizere ya zikhadabo momwe ankadzikanda.

"Tandiuzani bwinobwino chimene chinachitika," anatero Kasonde. "Mmodzi mmodzi."

"Nkhani yake ndi yaifupi, Bashi Malama," anatero mkazi wake. "Tsiku lotsegulira nyengo anagawa matondo oyamba nyumba iliyonse monga amachitira chaka chilichonse. Ndinaphika, tinadya. Ndisanatsuke mbale, milomo ya mwana inali itatupa, maso atatsekeka, akupuma ngati wina wamumanga ulusi pakhosi. Ndinamubereka n'kuthamangira kuchipatala. Anamubaya jakisoni, anatsitsimuka. Anamwino anati ndi matondo, asadzalawenso."

"Unaphika pamoto wa yani?" anafunsa Ba Nkole.

"Pamoto wanga."

"Basi, wayankha wekha. Kasonde, suli mwana iwe. Ukudziwa chimene chimachitika mkazi akayenda kunja n'kubwera kudzakhudza moto wa pakhomo. Chophikidwa pamoto umenewo chimagwira mwana. Chaka chatha mwanayu anatuluka zidzolo thupi lonse. Inali nthawi iti? Atafika wa kaunjika wa ku Lusaka uja, amene amamanga tenti pamseu apo. Chaka chino watupa liti? Atafika yemweyo. Amamutungira madzi ndani? Amamuphikira ndani?"

"Ndimamuphikira ndine, ndipo amandilipira masana anthu akuona. Munthuyo amabwera nthawi ya matondo, ba mulamu, chifukwa amasinthanitsa zovala ndi matondo. Mukufuna azibwera liti?"

"Pakamwa ndiye uli napo."

Kasonde anatola chikwama chake n'kulowa m'nyumba. Sananene kuti mlongo wake akunama, ndipo mkazi wake anamva kuti sananene.

M'mawa mwake Bana Malama anamuikira madzi osamba, anamuphikira tiyi, n'kuima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Funsani chimene mwabwerera," anatero. "Chifikireni mukungondiyang'ana m'mbali ngati munthu wogula mbuzi."

"Ine sindinanene kanthu."

"N'chifukwa chake ndikuti funsani."

Kasonde anatakasa tiyi amene anali atatakasa kale. "Munthu uja. Wa kaunjika."

"Ayi. Sanandigwirepo ngakhale dzanja. Amatsokomola ngati galimoto yakale, amanunkha fodya, ndipo amanditchula kuti amayi. Muli ndi funso lina?"

Kasonde anaseka, ndipo chifuwa chake chinapepukako. Uyu ndiye mkazi amene ankamudziwa, woyankha ngati wodula nkhuni.

"Nanga zoti ndiwo imodzi n'kudwalitsa munthu mmodzi, ena onse osadwala, zimatheka bwanji?"

"Ndinafunsa zomwezo. Anamwino anati m'thupi mwa munthu muli chitetezo chimene chimalimbana ndi matenda. Mwa anthu ena chitetezocho chimapsa mtima ndi chinthu chosalakwa. Wina ndi mtedza, wina ndi nsomba, wina ndi mbola ya njuchi. Wathuyu ndi matondo. Akangolowa m'kamwa, thupi limayesa kuti kwabwera mdani n'kuyamba nkhondo, ndipo nkhondoyo ndi imene imamutupitsa. Ngati galu wa msuweni wanu Sampa, amene amaluma eni nyumba, akuba n'kumadutsa."

"Ndiye mankhwala ake?"

"Mankhwala ake ndi kusadya. Anatinso ulendo wotsatira zikhoza kuposa pamenepa. Chaka chatha zidzolo, chaka chino nkhope. Pakatupa m'kati, pammero, mpweya sudutsa. Anandiuza kuti ndisayese ngakhale kachidutswa."

Mawuwo anamveka bwino ndipo Kasonde anawakhulupirira. Vuto la Kasonde linali lakuti ankakhulupirira munthu amene ali naye pafupi.

Nyengo inali isanathe, choncho anapita kumisasa kukatolako matondo a pakhomo pake, poti mkazi wake sakanatha kupitako. Ntchito yake ankaidziwa kuyambira ali mwana: kulawirira mame asanakamuke, kuweramitsa timitengo ta mtondo ndi mombo tophukira m'matsala, kutola mpaka chidebe kudzaza, kufinya matumbo, kuwamba pamakala, kuyanika. Pofika masana manja amakhala akuda ndi oyabwa. Amuna akatopa ankakhala pansi pa mtengo n'kumapatsirana mowa wa mawere, ndipo pamenepo ndi pamene anamupeza Sampa.

"Ba Ndola afika," anatero Sampa. "Mwatibweretsera thabwa? Kapena matabwa munawasiya komweko, poti kuno ena anakukhomerani kale chitseko?"

Amuna anaseka. Ena anasekera m'chipanda.

"Galu wako uja akadali moyo?" anafunsa Kasonde. "Ndikufuna ndimubwereke, adzakulume."

"Ndikucheza, msuweni, usakwiye. Koma diresi imene mlamu wanga anavala Lamlungu lapitali ndi yokongola zedi. Yamaluwa achikasu. Ku Ndola kuli zovala, eti?"

Kasonde anamwa mowa n'kupatsira mnzake. Diresi yamaluwa achikasu sanaigule iye. Ankadziwa kuti wa kaunjika amalipira ndi zovala, aliyense ankadziwa zimenezo, theka la akazi a m'mudzimo ankavala za m'mabelo ake. Komabe diresiyo inamukhala m'mutu tsiku lonse, ndipo mawa lake inali ikadalimo.

Ba Nkole anamuona akufinya matondo osayankhula ndi munthu, nabwera kudzakhala pambali pake. Sanali munthu woipa mtima. Malama ankamukonda, ankamuluka tsitsi ndi kumusungira nzimbe. Koma Ba Nkole anaikapo mwana wobereka okha m'manda kalekale, akuluakulu nawauza kuti chinamupha ndi moto, ndipo chiyambire pamenepo moto ankauopa kuposa njoka.

"Ukuwonda ndi maganizo, pamene nkhaniyi ndi yosavuta," anatero. "Iye akuti ndi matondo, ine ndikuti ndi moto. Tenga machesi atsopano osatsegula. Ukakoleze moto wako kutchire, kumene mkazi wako sanapondeko. Utole matondo ndi manja ako, uwotche wekha, umupatse mwana. Akapanda kutupa, matondo alibe mlandu, ndipo udziwa chochita ndi mkazi wako. Akatupa, ine ndidzagwada pamaso pa mulamu wanga ndi nkhuku yoyera m'manja."

"Nanga akatupa kwambiri, Ba Nkole?"

"Sangatupe. Mwana wa munthu satupa ndi ndiwo. Ndipo ukapanda kuchita zimenezi, mwanayo azingodyabe za pamoto womwewo mpaka tidzamuike. Ine ndikufuna kumupulumutsa, iwe ukungodzikanda m'mutu."

Loweruka Kasonde anabwerera kumudzi ndi thumba la matondo ouma. Mkazi wake anamuuza kuti alisiye m'nkhokwe ya kuseri ndipo asambe m'manja ndi sopo asanagwire mwana. Anachita zonsezo. Kenako, Malama atapita kukasewera, anamufotokozera za moto watsopano. Anazifotokoza mofatsa, ngati mphatso imene wamubweretsera.

"Ndi njira yoti muyere, Bana Malama. Anthu atseke pakamwa. Ba Nkole alonjeza kuti adzagwada."

Mkazi wake anasiya kupeta ufa n'kuika lichero pansi.

"Tandibwerezerani, mwina sindinamve. Kuti ine ndiyere, mwana atani?"

"Kachidutswa chabe. Milomo ikangoyamba kutupa, timuthamangitsira kuchipatala."

"Kuti ine ndiyere, mwana atupe. Kuti mwana asatupe, ine ndikhale hule. Mwandipatsa ziwiri zimenezo, eti?"

"Musanene choncho."

"Ndasankha, Bashi Malama. Nditcheni hule. Muuze Ba Nkole, muuze Sampa, mukalengeze kutchalitchi ngati mukufuna. Dzina ndisenza, si lolemera ngati bokosi la mwana."

"Koma munthu wosalakwa akanakondwa ndi mwayi umenewu."

Mawuwo anatuluka asanawayeze. 

"Inu simunalipo tsiku lija," anatero mkazi wake. "Simunamve mmene ankapumira kumsana kwanga. Mukanamva, simukanabwera ndi machesi anuwo. Muganiza sindinaganizepo? Masiku onse amene akazi anzanga akhala akusiya kuyankhula ndikafika pachitsime, ndaganizapo. Ndinatolapo dondo limodzi m'manja, ndikuti kamwendo kokha, aone ndi maso awo. Ndinaliponya m'chimbudzi n'kusamba m'manja mpaka kuwawa. Ngati ine mayi wake, amene ndikunyozedwa, ndakana, inu mukuvutika ndi chiyani?"

 Chimene Kasonde ankavutika nacho chinali chakuti sankadziwa, ndipo kusadziwako kunkamudya. Akakhala pafupi ndi mkazi wake ankaona kuti ndi woona. Akangotuluka panja, diresi yamaluwa achikasu inali pachingwe ikuuluzika. Atauza mlongo wake kuti mkaziyo wakana, Ba Nkole anangoti, "Ndinadziwa kuti akana," n'kumuika bokosi la machesi m'thumba la malaya.

Machesiwo anayenda nawo sabata yonse. Wa kaunjika anapasula tenti yake n'kupita, anthu anayamba kubwerera kuchokera kumisasa, koma nkhaniyo sinapite. Akazi ena analetsa ana awo kudya kwa Bana Malama. Wina anabweza moto umene mwana wake anakapala kumeneko, n'kuuthira madzi pabwalo anthu akuona. Kasonde anayenera kubwerera ku Ndola posachedwa, ndipo ankaona kuti sangathe kukhala kumeneko miyezi ina yambiri ndi funso limeneli m'mimba.

Tsiku lina m'mawa mkazi wake anasenza dengu kupita kumtsinje kukavuula chinangwa chimene anaviika. Ntchito imeneyo ndi ya theka la tsiku. Kasonde anadikira mpaka dengulo litabisika ndi mitengo, n'kuitana mwana.

"Malama, tiye tikatole masuku."

Mwanayo analumpha ndi chimwemwe. Bambo ake sankakhala pakhomo kawirikawiri, ndipo kukwera nawo njinga kunali ngati Khirisimasi. Anakhala pakaliyala atawagwira malaya, akuimba nyimbo ya kusukulu ya mkaka njira yonse.

Kasonde anasankha tsala la malemu bambo ake, kutali, kumene sakanakumana ndi munthu. Njira itathera pakamtsinje, anasiya njinga m'thengo n'kumunyamula mwanayo paphewa mpaka kukafika. Anamutoleradi masuku, mwanayo n'kukhala pachitsa akuyamwa ndi kulavula nthanga. Kenako Kasonde anayendayenda m'timitengo mpaka anapeza matondo otsalira, onenepa, obiriwira. Anawafinya. Anatola nkhuni zouma, anatsegula machesi, anakoleza moto. 

Fungo litayamba kumveka, Malama anasiya masuku.

"Batata, amenewo ndi matondo."

"Eya. Bwera udye."

"Bamayo anati ndisadye. Anati ngakhale andipatse Ba Nkole, ngakhale aphunzitsi, ndikane."

"Ananena za Ba Nkole ndi aphunzitsi. Za ine ananena?"

Mwanayo anaganiza. "Ayi."

"Ine ndine ndani?"

"Batata."

"Batata angakupatse chinthu choipa?"

Malama anapukusa mutu. Anabwera, anatambasula kadzanja kodetsedwa ndi masuku, ndipo Kasonde anaikapo dondo lowotcha ataliuzira kuti lizizire. Sikanali kachidutswa. Anaganiza kuti kachidutswa Ba Nkole akanati sikakwanira. Mwanayo anatafuna, anameza, anamwetulira.

"Akukoma. Ndipatseninso."

Anamupatsanso. Kenako anakhala pansi n'kumamuyang'anitsitsa pankhope. Mwanayo anabwerera kumasuku ake. Mbalame zinkalira, moto unkazilala, ndipo palibe chinachitika. Mtima wa Kasonde unayamba kulemera ndi kutentha. Ndiye kuti Ba Nkole ananena zoona. Ndiye kuti Sampa ankaseka chinthu chenicheni. Anayamba kukonza mawu oti akamuuze mkaziyo, ndi mmene akaponyere katundu wake panja.

"Batata, lilime likuyabwa."

Malama ankadzikanda m'khosi. Mlomo wam'mwamba unali utayamba kunenepa, ndipo m'masaya munkatuluka timabala tofiira ngati walumidwa ndi nyerere.

Kasonde anakondwa. Palibe njira ina yonenera. Anaimirira, anawomba m'manja kamodzi, chifuwa chake chinatseguka ngati chitseko. Mkazi wake anali woona. Moto watsopano, manja ake, matondo ake, ndipo mwana watupa. Anaona kale Ba Nkole atagwada ndi nkhuku, anaona Sampa atazolika.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Mwanayo anatsokomola, anasanza masuku, anatsokomolanso. Atafuna kulira, mawu sanatuluke bwino. Chimene chinatuluka ndi kamluzu kopyapyala, kochokera pansi pa mmero, ulendo uliwonse akakoka mpweya. Maso anali akutsekeka Kasonde akuona.

Anamunyamula n'kuyamba kuthamanga. Apa m'pamene anazindikira kutalika kwa malo amene anasankha. Minga inamung'amba miyendo, anagwa pakamtsinje n'kudzuka mwana ali m'manja. Pofika panjinga, Malama sakanathanso kukhala pakaliyala, thupi linali lofooka ngati nsalu yonyowa. Kasonde anavula malaya n'kumumanga kumsana. Sanaberekepo mwana chibadwire, mfundo yake inali yoipa, moti ankapalasa ndi dzanja limodzi, lina litagwira mwanayo.

Kamluzu kaja kanali pakhutu pake penipeni. Poyamba ankapemphera kuti kasiye. Kenako kanayamba kuchepa, kutalikirana, ndipo anayamba kupemphera kuti kasasiye.

"Malama, yankha. Imba nyimbo ija. Malama."

Pamseu waukulu anadutsa akazi ochokera kuchigayo. Anaona mwamuna wopanda malaya, mwana atalendewera mutu kumsana kwake, ndipo mmodzi anatula ufa wake n'kuthamangira kumtsinje kukaitana mayi wa mwanayo.

Kuchipatala anadutsa mzere wa odwala osapempha. Anamwino atangoona nkhope yotupayo anaizindikira.

"Uyu ndi wa matondo uja. Mugonekeni apa."

Sanafunse zambiri. Anamubaya jakisoni pantchafu, anamukweza miyendo, anamugwira pamkono akuyang'ana pachifuwa. Milomo ya mwanayo inali itada. Anamubayanso kachiwiri. Kasonde anaima pakona, thukuta ndi magazi a minga zikuyenderera, akumvetsera. Patapita nthawi imene kwa iye inali ngati chaka, mwanayo anakoka mpweya wautali, anatsokomola, n'kuyamba kulira ndi mawu enieni.

Anamwino anapukuta nkhope yawo ndi mkono. "Mukanachedwa pang'ono, tikanakamba zina. Anawapeza kuti? Mayi ake ndinawauza bwinobwino."

"Ndinamupatsa ndine."

"Simunkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Anamwino anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Tulukani, mukadikire panja," anatero.

Anakhala pakhonde. Posakhalitsa Bana Malama anafika akuthamanga, chitenje chili chonyowa, akununkha chinangwa choviika. Anamudutsa ngati akudutsa mtengo n'kulowa m'kati. Ba Nkole anafika pambuyo pake, akupuma movutikira, mpango uli m'manja.

"Ali moyo?"

"Ali moyo."

"Mulungu ngwabwino." Anakhala pansi n'kupukuta misozi, ndipo misoziyo inali yeniyeni.

"Mwaona tsopano, Ba Nkole," anatero Kasonde ndi mawu osasa. "Ndinachita zonse monga munanenera. Machesi atsopano, kutchire, matondo otola ndekha. Watupa, watsala pang'ono kufa. Mkazi wanga alibe mlandu. Kagwireni nkhuku yanu."

Ba Nkole anapinda mpango wawo.

"Machesi anali atsopano, inde," anatero pang'onopang'ono. "Koma anakoleza motowo ndani?"

"Ndine."

"Ndi pamene ndinalakwitsa. Iwe wakhala ku Ndola wekha miyezi yonseyi, mwamuna wamkulu, m'tauni. Sindinakufunse ngati manja akowo ali bwino. Motowo akanakoleza munthu wokalamba, amene anasiya kale za m'nyumba. Mwana akachira tidzayesenso bwinobwino, ndidzakoleza ndekha."

Kasonde anawayang'ana mlongo wakewo. Ba Nkole ankanena ndi mtima wonse, mwachikondi. Ndipo Kasonde anaona chimene mkazi wake anaona kalekale: mwanayo akanatupa kangati konse, mlandu ukanangosamuka kuchoka pa munthu uyu kupita pa uyo, osafika pa matondo.

"Palibe adzayesenso," anatero. "Mukadzayandikira mwana wanga ndi dondo, mudzaiwala kuti tinabadwa mimba imodzi."

"Mawu abwino," anatero Bana Malama. Anali ataima pakhomo la chipinda, ndipo anali atamva zonse. "Akanakhala abwino kwambiri dzulo."

Kasonde anaimirira. "Bana Malama, ndalakwa. Koma tsopano ndadziwa. Ndinu woyera. Ndiuza mudzi wonse, nyumba ndi nyumba."

"Mwadziwa."

"Ndadziwa."

"Ndinakuuzani ndi pakamwa panga, munakana kumva. Mwakamvera pammero pa mwana." Sanakalipe, ankayankhula ngati wotopa ndi katundu. "Mudzi musauuze kanthu, sindinakwatiwe ndi mudzi. Ndinakwatiwa ndi inu. Munanditenga kwathu mukuti mudzandisunga ine ndi ana anga. Mwana wanga wafika pakhomo pa manda lero, ndipo mwamva nokha, sizinathetse kalikonse."

"Ndikhululukireni."

"Mwina ndidzakhululuka. Koma sindingapite kumtsinje n'kumusiya ndi inu. Nanga banja lotero ndi banja?"

Mwanayo anagonekedwa kuchipatala mpaka kutupa kutatheratu. Atatuluka, Bana Malama anamanga katundu wake ndi wa mwana. Anati akupita kwawo ku Chinsali, kwa amayi ake ndi alongo ake. Kasonde anayesa kunena kuti ku Chinsali nakonso matondo aliko.

"Aliko," anayankha. "Koma kulibe amene adzamudyetsa kuti adziwe za ine."

"Mudzabwera liti?"

"Sindikudziwa. Inunso muphunzire kukhala osadziwa."

Anawaperekeza kumseu atakweza katundu panjinga. Ba Nkole sanabwere. Podikira basi, Kasonde anaona mayi wogulitsa zitumbuwa, nagula chimodzi chotentha. Ananjuta pamaso pa mwana wake n'kumutambasulira.

"Tenga, mwana wanga, udye m'basi."

Malama anayang'ana chitumbuwacho, anayang'ana bambo ake. Anabisa manja kumbuyo n'kutseka pakamwa mwamphamvu.

"Landira," anatero mayi ake. "Ndi chitumbuwa chabe."

Mwanayo anasendera n'kukakamira chitenje cha mayi ake. "Bamayo, mundipatse ndinu."

Bana Malama anatenga chitumbuwacho m'dzanja la mwamuna wake n'kuchipereka kwa mwana. Malama anachilandira n'kuyamba kudya. Kasonde anakhalabe chonjuta, dzanja lili lotambasula, mpaka basi inafika.

Inu amene mwamva nkhaniyi, munthu akakuuzani kuti chakudya chakutichakuti chimamudwalitsa iye kapena mwana wake, mukhulupirireni. Musamubisire m'ndiwo kuti muone, musamufunire mlandu wina. Kuti inu mumadya osatupa sizikutanthauza kanthu pa thupi la mnzanu. Ndipo ngati muli ndi funso pa mkazi wanu kapena mwamuna wanu, mufunseni iyeyo, mwana mumusiye.